Mlenje ndani, nyama ndani? Mbiri ya mawu a Chingerezi osakira ndi olondolera

Mwana wa sitandade 5 akhoza kukuuzani kusiyana kwa "chase" ndi "catch". Galu akamathamangitsa kalulu ndiye "chase", akamugwira ndiye "catch". Kuthamangitsa kumayamba, kugwira kumabwera pambuyo, mwinanso osabwera n'komwe. Koma zaka pafupifupi 800 zapitazo, awa anali mawu amodzi, ongotchulidwa mosiyana ndi anthu a zigawo ziwiri za dziko la France. Akumpoto, ku Normandy ndi ku Picardy, ankati "cachier". Apakati, chakufupi ndi Paris, ankati "chacier". Onsewa ankatanthauza kusaka nyama, ndipo gwero lake ndi mneni wa Chilatini "capere", kugwira. Anzathu a ku Angónia ndi ku Tete amawadziwa kale mawu amenewa m'Chipwitikizi: "caçar" ndi kusaka, "caçador" ndi mlenje. Ndi ana a bere limodzi.

Chingerezi chili ndi mulu wa mawu onena za kuyenda pambuyo pa chinthu: "follow", "hunt", "chase", "pursue", "track", "trail", "trace", "stalk", "hound", "tail", "shadow", ndi ena. Ophunzira ambiri timangowaloweza ngati mawu ofanana matanthauzo, kenako n'kumasankha amene akumveka bwino m'chiganizo. Mbiri yawo ikutiphunzitsa china. Ambiri mwa mawuwa anabadwira kutchire, pakati pa alenje ndi agalu awo, ndipo kenako anasamukira kukhoti, kupolisi, kunkhondo, mpaka lero ali m'foni zathu. Paliponse pamene anafika, ananyamula funso limodzi lomwelo: ndani ali ndi ufulu wothamangitsa mnzake, ndipo ndani akuyesedwa nyama?

Mawu a eni mudzi

Tiyambe ndi mawu amene Angerezi anali nawo chisanafike chaka cha 1066. "Follow" ndi wamkulu pa onse. M'Chingerezi chakale ankati "folgian", ndipo abale ake alipobe: Ajeremani amati "folgen", Adatchi amati "volgen". Tanthauzo lake silinali kungoyenda kumbuyo kwa munthu ayi. "Folgere" anali mnyamata wa bwana, munthu amene amadya kwa mfumu, kuiperekeza ndi kuimenyera nkhondo. Wotsatayo amachita kufuna, ndipo wotsatidwayo amadziwa kuti ali ndi anthu kumbuyo. Sungani mfundo imeneyi, tidzaifuna kumapeto.

"Hunt" anali "huntian", ndipo ali pachibale ndi mneni wina wakale, "hentan", wotanthauza kugwira kapena kutsekereza. "Hound" anali "hund", ndipo kalelo ankatanthauza galu aliyense, kaya wosaka kaya wongogona pakhonde. Mpaka pano Mjeremani galu amamutcha "Hund". Dzina loti "dog" linatulukira mochedwa, n'kulanda malo pang'onopang'ono, mpaka "hound" anatsala ndi agalu osakira okha. Pofika cha m'ma 1600, onse awiri anali atasanduka aneni onena za anthu: "to dog" munthu ndi kumutsata paliponse osamusiya, "to hound" munthu ndi kumusowetsa mtendere. Pomaliza pali "stalk", wochokera ku "bestealcian", kuyenda monyang'ama, amene akatswiri amamulumikiza ndi "steal". Ife timati kuwenda kapena kuwenderera: mlenje wawerama, akuponda mosamala, mphepo ikuchokera kumene kuli nyama.

Nkhalango ya mfumu

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zoposa 200 chilankhulo cha kunyumba yachifumu, cha eni minda ndi cha kukhoti chinali Chifalansa. "Catch" anayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi cha m'ma 1200, ndipo poyamba ankathanso kutanthauza kuthamangitsa. "Chase" anabwera patapita zaka ngati 100, kudzera m'Chifalansa cha ku Paris chimene chinali chitayamba kuoneka chapamwamba. Mawu awiri a tanthauzo limodzi sakhalitsa m'nyumba imodzi, ndiye anagawana ntchito. "Catch" anakokedwa ndi mneni wa eni dziko, "lacchen", amene ankatanthauza kugwira. N'chifukwa chake nthawi yakale ya "catch" ndi "caught", zomwe zimasautsa ana asukulu mpaka lero: anatengera "laught", nthawi yakale ya "lacchen". Kusinthana kwa "c" ndi "ch" kumeneku mukupezanso pa "cattle" ndi "chattel", ng'ombe ndi katundu, omwenso anali mawu amodzi.

Anormani anabwera ndi mawu, komanso anabwera ndi lamulo. Cha m'ma 1079 William anapatula dera lalikulu kummwera kwa England kuti likhale losakiramo iye yekha. Dera limeneli ndi New Forest, ndipo linalembedwa m'kaundula wa Domesday Book wa mu 1086. "Forest" nthawi imeneyo sinali kwenikweni malo a mitengo yambiri. Inali malo a lamulo lapadera, ndipo mkati mwake munkatha kukhala midzi ndi minda ya anthu. Agwape ndi nguluwe za m'menemo zinali za mfumu. Olemba mbiri a nthawiyo ananena kuti wopha gwape ankakolowoledwa maso. Wa m'mudzi akafuna kusunga galu wamkulu, galuyo ankadulidwa zala zitatu za phazi lakutsogolo kuti asathe kuthamangitsa nyama. Zilango zopha ndi zodula ziwalo chifukwa cha nyama zinathetsedwa mu 1217 ndi chikalata chotchedwa Charter of the Forest, koma nyamayo inakhalabe ya akuluakulu.

Apa ndi pamene "chase" anasanduka dzina la malo. Mfumu ikapatsa bishopu kapena mwini chuma wina ufulu wosaka m'dera lina lopanda mpanda, deralo linkatchedwa "chase". Mayina ake alipobe pamapu: Cannock Chase, Cranborne Chase, Enfield Chase. Ndiye onani mmene zinthu zinakhalira. Aliyense ankadziwa kusaka, koma "the chase" inali ya okwera pamahatchi okhala ndi malipenga ndi agalu ophunzitsidwa. Wosauka akapha gwape yemweyo kuti ana adye, limeneli linali dzina lina, mlandu. Amene anamvako mmene malamulo a atsamunda anasandutsira uzimba wa makolo athu kukhala mlandu, pamene mzungu wa laisensi ndi mfuti ankatchedwa katswiri, sadabwa nazo. Maganizo amenewo anali atakula kale kwawo.

Mawu ena awiri a m'banja limeneli ndi oyenera kuwatchula. "Purchase", amene lero timawaona pa lisiti, anachokera ku "pourchacier", kuthamangira chinthu mpaka kuchipeza, ndipo poyamba zinalibe kanthu kuti wachipeza ndi ndalama kapena ndi mphamvu. Kachiwiri, "chase" kuyambira pachiyambi ankatanthauzanso kupirikitsa. Mmalawi kapena Mzambia akanena kuti mwana "was chased from school" chifukwa cha fizi, aphunzitsi ena amafuna kumukonza kuti anene "sent home". N'zoona kuti iye akuganiza za mneni wathu kuthamangitsa, amene ali ndi mbali ziwiri: kuthamangira chinthu kuti uchigwire, ndi kuchiingitsa kuti chichoke. Koma mbali ziwirizi zinalimo kale mu "chase" cha m'ma 1300, ndipo Mfalansa mpaka lero "chasser" amamugwiritsa ntchito pa zonse ziwiri. Chingerezi chathu chinangodzutsa tanthauzo limene linali kuwodzera.

Kuchoka kutchire kupita kubwalo la milandu

Banja lachiwiri linachokera ku mneni wa Chilatini "sequi", kutsata. Kudzera m'Chifalansa cha Anormani, mneniyu anabala "sue", "pursue", "ensue" ndi "suit". Kudzera m'Chilatini cha m'mabuku anabala "prosecute", "persecute" ndi "execute". Onsewa pansi pake pali munthu amene akuyenda kumbuyo kwa mnzake. "To sue" poyamba kunali kungotsata basi, kenako kunakhala kutsata munthu mpaka kukhoti. "Pursue" ndi "prosecute" anachokera ku mneni mmodzi, "prosequi", wina anadutsa pakamwa pa anthu, wina anadutsa m'zikalata za maloya. Ndipo pakati pa "prosecute", kuzenga mlandu, ndi "persecute", kuzunza, pali kusiyana kwa mphatikiram'mbuyo yekha. Aliyense amene anaonapo boma likugwiritsa ntchito khoti pofuna kukhaulitsa otsutsa akudziwa kuti m'moyo weniweninso mpata wake ndi wochepa chomwecho.

"Suit" ndiye ali ndi ulendo wosangalatsa. Poyamba linali gulu la anthu otsata bwana. Anthuwo ankavala zofanana kuti azidziwika kuti ndi a bwana uje, ndiye dzinalo linasamukira pa zovalazo: jekete ndi thalauza zotsatana, za nsalu imodzi. Suti imene mkwati amabwereka pa tsiku laukwati ndi "lawsuit" imene ingamupeze akalephera kubweza ngongole za ukwatiwo, ndi mawu amodzi.

M'zaka zimenezo ku England kunalibe apolisi. Ntchito yothamangitsa wakuba inali ya mudzi wonse, ndipo inali ndi dzina lake, "hue and cry". "Hue" ameneyu si wa mtundu wa utoto, anachokera ku Chifalansa "huer", kukuwa. Lamulo la Statute of Winchester la mu 1285, m'nthawi ya Edward I, linanena kuti mfuu ikamveka, mwamuna aliyense wamphamvu asiye zimene akuchita n'kuthamangitsa wolakwayo, mudzi ndi mudzi. Wakuba akapulumuka, anthu a dera lonselo ankalipira katundu wobedwayo. Ife tikamva kuti "Wakubaa!" pamsika timadziwa chimene chimatsatira, koma pali kusiyana: cholinga cha lamulo lija chinali kumugwira munthuyo n'kukamupereka kwa oweruza. Lamulolo linafafanizidwa mu 1827, koma mawu anatsala. Ku London, woweruza John Fielding wa ku Bow Street anayamba mu 1772 kusindikiza mndandanda wa anthu ofunidwa, ndipo nyuziyo inadzadziwika ndi dzina loti Hue and Cry isanasanduke Police Gazette. Mfuu ya pakamwa inasanduka pepala. Lero "hue and cry" amangotanthauza phokoso la anthu odandaula.

Mphuno ya galu ndi chidindo cha phazi

Kuthamangitsa kumafuna kuti chinthucho ukuchiona. Chikazimiririka, pamafunika luso lina, lolondola. Apa Chingerezi chili ndi mawu atatu ofanana kamvekedwe. "Trace" anachokera ku Chilatini "trahere", kukoka, tsinde lomwelo limene linatipatsa thirakitala. "Trail" poyamba ankatanthauza kukwekwereza chinthu pansi, monga mkanjo wautali, ndipo kenako anatanthauza mkukuluzi umene chinthucho chasiya. "Track" analowa m'zaka za m'ma 1400 kuchokera ku Chifalansa "trac", mapazi a hatchi kapena a nyama. M'kupita kwa nthawi "track" anakhala njira, njanji, bwalo la mjaho ngakhalenso nyimbo imodzi ya pa chimbale. Wogula "tracksuit" pa kaunjika wanyamula mabanja awiri a nkhani yathuyi m'jumbo imodzi.

Ngakhale mawu aulemu a kuyunivesite ali ndi matope kumapazi. "Investigate" anachokera ku "vestigium", chidindo cha phazi. Wofufuza aliyense, kaya ndi wa digiri yachiwiri kaya ndi wa ku CID, dzina la ntchito yake likunena kuti iye ndi munthu wowerama amene akuyang'ana mapazi m'fumbi.

Chitsanzo chokoma kwambiri ndi "sleuth". Lero ndi wapolisi wofufuza milandu, koma mawuwa anachokera kwa Aviking, amene ankati "slóð" potanthauza njira imene munthu kapena nyama yadutsa. Ku Scotland galu wolondola fungo ankatchedwa "sleuth-hound". John Barbour, m'ndakatulo yake yaitali ya mbiri ya Robert the Bruce ya cha m'ma 1375, anasimba mmene adani anamulondolera Bruce ndi galu wotere, iye n'kupulumuka poyenda m'madzi a mtsinje kuti fungo lisowe. M'malire a England ndi Scotland, kumene kuba ng'ombe kunali ngati ntchito, munali mwambo wovomerezeka wotchedwa "hot trod". Woberedwa ankaloledwa kuwoloka malire pasanathe masiku 6, ali ndi agalu ndi lipenga, atabaya chibuma choyaka moto kunsonga ya mkondo kuti aliyense aone kuti akulondola zake, sakudzaba. M'zaka za m'ma 1800 ku America anadula "hound" n'kusiya "sleuth", ndipo nthano zotchipa za wofufuza wotchedwa Old Sleuth, zimene Harlan Page Halsey anayamba kulemba mu 1872, zinathandiza kufalitsa tanthauzo latsopanoli. Mawu amodzi anayamba ngati njira, n'kukhala galu, n'kumaliza ali munthu wa chipewa.

Koma galu wolondola anthu si wa m'nthano zokha. Mu 1795 boma la atsamunda ku Jamaica linaitanitsa agalu pafupifupi 100 kuchokera ku Cuba kuti akasake a Maroon a ku Trelawny Town, zidzukulu za Aafrika amene anathawa ukapolo n'kukhazikika m'mapiri. Atagonja, anawasamutsira ku Nova Scotia, kenako ku Sierra Leone. Ku America, lamulo la Fugitive Slave Act la mu 1850 linalamula kuti nzika wamba, ngakhale m'zigawo zopanda ukapolo, zithandize kugwira kapolo wothawa. Inali "hue and cry" yomwe ija, koma wothamangitsidwayo mlandu wake unali kufuna ufulu. Odana ndi ukapolo analitcha lamulolo dzina la galu, "Bloodhound Law". Iwo anaona bwino lomwe kuti mawu a ulenje akagwiritsidwa ntchito pa munthu, munthuyo wayamba kale kuyesedwa nyama.

Phazi limene linabwerera kwawo kudzera ku Africa

Chingerezi chakale chinali ndi dzina loti "spor", phazi la nyama, koma linatayika. Adatchi anasunga lawo, "spoor", n'kubwera nalo ku Cape mu 1652. Angerezi atalanda Cape kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anamva Mabunu akulitchula, ndipo pofika m'ma 1820 "spoor" anali atalowa m'mabuku a apaulendo ndi alenje a Chingerezi ngati mawu achilendo a ku Africa. Mwana anabwerera kwawo, abale ake osamuzindikira. Kwa Adatchi "spoor" ndi njanjinso, n'chifukwa chake Asotho ndi Atswana njanji amaitcha "seporo". Mawu enanso a Mabunu, "trek", akatswiri ambiri amawaganizira kuti ali pachibale ndi "track".

Mawuwo anali a Chidatchi, koma luso linali la eni dziko. Alenje achizungu ankadalira Asan, Akhoekhoe, Amandebele, Amashona ndi ena kuti awawerengere nthaka: nyama yadutsa nthawi yanji, ikuthamanga kapena ikudya, yavulala mwendo uti. Mu 1896, pa nkhondo imene Amandebele anaukira kampani ya Cecil Rhodes, msilikali Robert Baden-Powell anayenda m'mapiri a Matobo ndi Mmereka Frederick Russell Burnham komanso ndi Mwafrika wina waluso, Jan Grootboom. Amene ankawalondola kumeneko sanali agwape, anali anthu oteteza dziko lawo. Zimene anaphunzira anaziika m'buku la asilikali la mu 1899, kenako m'buku la Scouting for Boys la mu 1908, limene lili ndi phunziro la "spooring". Ana a sikauti akamaphunzira kuwerenga mapazi pa msasa wawo, akubwereza phunziro limene linakulira pa nkhondo imeneyo.

Patapita zaka 80, m'dera lomwelo, mawu ena akale anagwira ntchito yoopsa. "Hot pursuit" ndi mdzukulu wa maganizo a "hot trod": uli pamsana pa wolakwa, sunamutaye, ndiye ukuloledwa kupitirira malire ako. M'malamulo a panyanja mfundoyi ili ndi zomangira zolimba. Ndime 111 ya pangano la United Nations la mu 1982 imati kuthamangitsa sitima kuyambire m'madzi a dziko lako, kusadukize, ndipo kuthe sitimayo ikangolowa m'madzi a dziko lake kapena a dziko lina. Boma la Ian Smith ku Rhodesia linkakonda mawu amenewa polungamitsa kulowa kwa asilikali ake ku Mozambique ndi ku Zambia m'zaka za m'ma 1970. Koma zimene zinachitika ku Nyadzonya mu Ogasiti 1976, ku Chimoio mu Novembala 1977 ndi ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka mu Okutobala 1978 zinali ziwembu zokonzedwa kwa masiku ambiri, ndipo anthu mazanamazana anafa. Gulu limene linapita ku Nyadzonya linali Selous Scouts, lotchedwa dzina la mlenje wa njovu Frederick Courteney Selous. "Hot pursuit" amapereka chithunzi cha munthu woberedwa amene akuthamanga wefuwefu pambuyo pa wakuba. Womva ali ku London kapena ku New York amaona chithunzi chimenecho m'maganizo, osaona ndege ndi mabomba. Imeneyo ndiyo ntchito imene mawuwo anapatsidwa.

Zining'a zimene zinaiwala kwawo

Si zonse zili ndi magazi ayi. Ulenje unasiyanso zining'a zimene eni ake ambiri sadziwa kumene zinachokera. "Wild goose chase", ntchito yongotaya nthawi, poyamba sinali nkhani yothamangitsa atsekwe. Unali mjaho wa mahatchi umene wotsogola amasankha njira iliyonse, enawo n'kumamutsata mondondozana ngati atsekwe akuuluka, ndipo Shakespeare anawagwiritsa ntchito m'tanthauzo limenelo mu Romeo and Juliet. Mjahowo utaiwalika, anthu anangowamasulira mmene akumvekera. "Red herring", mfundo yosocheretsa, inafala kudzera mwa mtolankhani William Cobbett, amene mu 1807 anasimba za kukwekwereza nsomba yowamba ya fungo lamphamvu kuti agalu asiye kulondola kalulu. "Barking up the wrong tree" ndi ya alenje a ku America a m'ma 1830: galu akuuwa pansi pa mtengo pamene kanyama kadumphira kale mtengo wina. Kwathu timati galu wamkota sakandira pachabe, ndiye kuti agalu awo anali ana. Chining'a chaching'ono pa zonse ndi "cut to the chase", chochokera ku mafilimu a ku Hollywood a m'ma 1920: siyani zokamba zambiri, tionetseni pamene akuthamangitsana. Pofika apa kuthamangitsana kunali kutasanduka chinthu choonera uli pampando.

Nyama ili m'thumba mwanu

M'zaka 40 zapitazi mawu atatu akale apeza ntchito zatsopano. Woyamba ndi "stalk". Mu 1989 mtsikana wochita mafilimu, Rebecca Schaeffer, anaphedwa pakhomo pake ku Los Angeles ndi mwamuna amene anakhala akumulondalonda kwa zaka. Chaka chotsatira California inakhala chigawo choyamba ku America kukhazikitsa lamulo loletsa "stalking". Ku England ndi Wales unadzakhala mlandu wokhala ndi dzina lakelake mu 2012, ndipo ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limatchula "cyber stalking". Apa mawu a ulenje anathandiza. Khalidwe limene ena ankalitcha chikondi chopitirira, lamulo linalitcha dzina loonetsa kuti wina akuwendereredwa ngati nyama.

Wachiwiri ndi "follow". Twitter itayamba mu 2006 inasankha mneni ameneyu, ndipo masamba ena anatengera. Anasankha bwino, chifukwa pa mawu onse a m'nkhani ino ndi yekhayu amene alibe fungo la magazi. Ndi "folgere" uja, wotsata mwakufuna kwake, ndipo wotsatidwayo amanyadira chiwerengero cha omutsata monga mfumu yakale inkanyadira anyamata ake. Achinyamata timangoti "undifolowe", osachita mantha. Yerekezani batani lomwelo litalembedwa "stalk" kapena "tail". Ntchito yake ikanakhala imodzimodzi, koma ndani akanalidina?

Wachitatu ndi "track", ndipo apa ndi pamene ife ophunzira zilankhulo tiyenera kutchera khutu. Mu 1994 kampani ya Netscape inayambitsa "cookie", kachidutswa ka uthenga kamene tsamba la pa intaneti limasiya m'kompyuta yanu kuti likuzindikireni mukabweranso. Posakhalitsa otsatsa malonda anayamba kukagwiritsa ntchito poona kumene munthu wadutsa, tsamba ndi tsamba. Kuyambira mu Epulo 2021, foni za Apple zimafunsa ngati mukulola pulogalamu kuti ichite "track" zimene mukuchita kwina. Mneniyu amamveka wofatsa chifukwa tinamuzolowera pa zinthu zabwino: katundu wa pa positi, ndalama yotumizidwa, foni yobedwa. M'nthawi ya Covid-19 "contact tracing" inapulumutsa miyoyo. Koma galamala yake sinasinthe. Pali wolondola, pali wolondoledwa, ndipo wolondoledwayo nthawi zambiri sadziwa. Funso lija likatuluka pa foni yanu, mapazi amene akunenedwa ndi anu.

Ndiye taganizani kuti mwapatsidwa ntchito yomasulira funso limenelo m'Chichewa, zomwe ena mwa inu mudzachitedi. Mukalemba "kutsatira", mwalinyengerera, chifukwa timatsatira malangizo, mpira ndi makolo athu. Mukalemba "kuona zimene mukuchita", mwachotsamo ulendo wonse woyenda pambuyo pa munthu. "Kulondola" kuli pafupi ndi tanthauzo lenileni, pakuti timalondola mapazi a mbuzi yotayika komanso a wakuba. "Kulondalonda" kukunena zoona zambiri, koma mwini pulogalamu sangakondwere nako, poti munthu wokulondalonda sakufunira zabwino. Chichewa chimasiyanitsa zinthu zimene "track" waziphimba pamodzi, ndipo mneni amene mungasankhe ndiye adzachititse agogo anu kudina "inde" kapena "ayi". Mtanthauziramawu angakupatseni mawu anayi onsewo pamzere umodzi. Kusankhapo kukufuna kuti mudziwe kumene "track" wachokera ndi zimene wakhala akuchita m'njiramo.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwo ankadziwa kuti phazi mvula imafafaniza, ndiye linalibe vuto. Mapazi amene tikusiya masiku ano sagwa m'fumbi, ndipo mvula siwafika. Mukakumana ndi mneni wa Chingerezi wa m'banja limeneli, kaya ndi m'nyuzi, m'chikalata cha boma kapena pa foni, musathamangire kufunsa tanthauzo lake lokha. Yambani mwapeza mwininkhani ndi pamtherankhani, kenako muone kuti inuyo mwaima mbali iti.